Zikwangwani za mbiri pa msewu wa 101: mumaima n'kuwerenga kapena mumangodutsa?

Mlendo101
Abale a kuno ku Oregon ndi ena nonse, ndabwera ndi dandaulo. Sabata yatha ndinatenga banja, tinanyamuka ku Portland m'mamawa kupita ku Astoria, kenako tinatsetsereka ndi msewu wa 101 mpaka ku Yachats. Ine ndili ndi matenda amodzi: ndikangoona chikwangwani cha mbiri chija, chamatabwa, chokhala ndi kanyama ka beaver pamwamba, phazi limapita lokha pa buleki. Pofika ku Tillamook mayi akunyumba anali atasiya kundiyankhula, ana akufunsa kuti adadi tifika liti kunyanja, chonsecho nyanjayo ili pomwepo kudzanja lamanja.

Koma dandaulo langa si limenelo. Nditawerenga zingapo ndinayamba kumva ngati ndikubwereza tsamba limodzi lomwelo. Kaputeni uje anafika chaka chakuti, sitima yakuti inasweka apa, mzungu uje anatcha malo ano dzina. Cook, 1778. Gray, 1788. Lewis ndi Clark, 1805. Astoria, 1811. Ngati kuti dziko lonseli linali mtulo kudikira wina abwere ndi sitima adzalidzutse. Nanga anthu amene ankakhala kuno kale? Amalemba zikwangwanizi ndani? Ndipo kodi ndipitirize kuvutitsa ana anga kapena ndizingoyendetsa galimoto ngati anthu ena onse?

DalaivalaWaThiraki
Zingoyendetsani achimwene. Ine msewu umenewo ndimadutsa kawiri pa mwezi, sindinaimepo n'kamodzi komwe. Katundu sadikira Cook.

Nankungwi_Salem
A Mlendo101, poyamba pepesani kwa mayi akunyumba. Mukawagulire ayisikilimu wa ku Tillamook, nkhani itha.

Za funso lanu: zikwangwani za beaver zija n'zaboma la Oregon, zilipo zoposa 100, ndipo amaziyang'anira ndi a Oregon Travel Information Council omwe ali konkuno ku Salem. Zambiri zamatabwazo n'zakale, zinalembedwa nthawi imene mbiri ya kuno inkangotanthauza za azungu obwera ndi ngolo ndi sitima. Ndiye zimene mwaonazo si maso anu okunamizani. Koma musaziike zonse mu dengu limodzi. Zatsopano, zokhala ndi zithunzi ndi mapu, zimatchula mitundu ya eni nthaka monga Clatsop, Tillamook, Siletz, Coos, ndipo zina zakale akumazilembanso.

Kadziwotche
Kulembanso mbiri? Ndiye mawa wina akadzalowa m'boma adzalembanso yake. Zisiyeni mmene zilili. Cook anadutsadi mu 1778, bodza lili pati?

Nankungwi_Salem
Palibe wanena kuti ndi bodza. Anadutsadi. Koma mukudziwa kuti Cook sanapondeko phazi pa gombe la Oregon? Anangoona mapiri ali m'sitima, nyengo ili yoipa, n'kutcha malo amodzi Cape Foulweather, ena Cape Perpetua, n'kupitirira kumpoto. Munthu wodutsa panjira dzina lake lakhala zaka zoposa 240, pomwe amene ankawedza pamenepo tsiku ndi tsiku mayina awo a malowo anthu ambiri sawadziwa.

MwanaWaChembe
Kkkk ndiye mwandiponda pachilonda. Kwathu timati Chembe, pa mapu akuti Cape Maclear, chifukwa Livingstone anafuna kusangalatsa mnzake Thomas Maclear wa ku Cape Town, woona nyenyezi. Agogo anga anamwalira osadziwa kuti Maclear ndi munthu kapena mtundu wa nsomba. Ku pulayimale tinkaloweza kuti nyanja inatulukiridwa mu 1859, tikuchokera kosamba m'nyanja yomweyo.

Kadziwotche
Komabe alendo amabwera chifukwa cha dzina la Cape Maclear, ndipo ndalama zawo mumalandira.

MwanaWaChembe
Amabwera chifukwa cha madzi ndi mbuna, madala. Mutatcha malowo Kadziwotche Beach adzabwerabe.

MphunzitsiWaMiyala
Ndiloleni ndilowe ndi nkhani ya miyala, poti ndi imene ndimadyera. A Mlendo101, munena kuti zikwangwani zimayambira pa 1778. Ngati mukufuna chikwangwani chakale kwenikweni, munachidutsa ku Cannon Beach: Haystack Rock, chimwala chija chotalika mamita 72 chili m'madzi. Chija ndi chiphalaphala chouma. Ndipo chodabwitsa n'chakuti sichinatuluke pamenepo. Chinatuluka m'ming'alu ya nthaka kum'mawa kwenikweni kwa Oregon, kufupi ndi malire a Idaho ndi Washington, zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo, n'kuyenda makilomita mazanamazana motsata njira yakale ya mtsinje wa Columbia mpaka kukalowa m'nyanja. Mapiri ambiri akuda amene amatulukira m'nyanja kumpoto kwa gombeli ndi abale ake a chimwalacho.

Ndiye mukatembenuka kuyang'ana kumtunda pali mzere wa mapiri ophulika a Cascade: Hood, Jefferson, Three Sisters, ndi St. Helens tsidya la Washington lomwe linaphulika pa 18 May 1980 n'kupha anthu 57. Chimene chimawotcha mapiri amenewa ndi chomwecho chimene chimagwedeza gombe: chigawo cha nthaka ya pansi pa nyanja, chotchedwa Juan de Fuca, chikulowa pang'onopang'ono pansi pa America. Chikatsika kwambiri chimachititsa miyala kusungunuka, mapiri n'kuphulika. Chikakodwa kwa zaka mazana n'kudzamasuka mwadzidzidzi, ndiye chivomerezi ndi tsunami. Nkhani ya gombe ndi nkhani ya mapiri ndi imodzi, kungoti zikwangwani zake zili motalikirana maola atatu pagalimoto.

DalaivalaWaThiraki
Aphunzitsi, mayeso aliko kumapeto?

MphunzitsiWaMiyala
Aliko. Funso loyamba: mukamva nthaka ikugwedezeka muli ku Seaside ndi thiraki yanuyo, mutani?

DalaivalaWaThiraki
Ndiponda mafuta.

MphunzitsiWaMiyala
Mwalephera. Milatho idzakhala itagwa kapena kung'aluka, msewu utadzaza. Mumasiya thirakiyo, n'kuthamanga wapansi kukwera kumtunda motsata zikwangwani zabuluu zija zojambulidwa funde. Muli ndi mphindi 15 kapena 20 basi.

WakuKaronga
Apa ndiye ndaleka kuseka. Ine ndinali kwathu mu December 2009 pamene zivomerezi zinagwetsa nyumba ku Karonga. Tinagona panja milungu ingapo, mvula ili mkati, palibe wofuna kulowa m'nyumba. Zija zinali za mphamvu ya 6 basi. Ndiye nditawerenga chikwangwani cha tsunami ya 1700 kuno, thupi linachita tsemwe.

Kwa amene simunachione: pa 26 January 1700, cha m'ma 9 koloko usiku, gombe lonseli linagwedezeka ndi chivomerezi cha mphamvu pafupifupi 9. Mudzafunsa kuti akudziwa bwanji ora lake pomwe kunalibe wolemba kuno. Ku Japan ndi kumene kunali olemba. Akuluakulu a midzi ya kumeneko analemba kuti funde lalikulu linalowa kumtunda popanda chivomerezi chilichonse chimene anamva, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 palibe ankadziwa kumene linachokera. Akatswiri, Brian Atwater wa ku America ndi Kenji Satake wa ku Japan pamodzi ndi anzawo, ndi amene analumikiza nkhanizi. Kuno anapeza mchenga wa m'nyanja utakwiririka m'madambo, ndi mitengo ya mkungudza yomwe inafa itaima nthaka itatitimira madzi amchere n'kulowa. Atawerenga mizere ya m'kati mwa mitengoyo anapeza kuti mzere womaliza ndi wa 1699. Kenako anawerengera maola amene funde limatenga kuwoloka Pacific n'kubwerera nawo m'mbuyo.

Tsono a Mlendo101, apa ndi pamene ndikugwirizana nanu theka n'kutsutsana nanu theka. Eni nthaka, kuyambira ku Vancouver Island mpaka kumpoto kwa California, nkhaniyi ankainena kale. Ankasimba za usiku wa nyengo yozizira pamene dziko linagwedezeka, nyanja n'kubwera kumtunda, midzi n'kutha, mabwato n'kupezeka m'mitengo. Azungu ankazitenga ngati nthano za ana. Mawu a akuluakulu anakoma atagonera zaka 300. Koma chikwangwani chomwecho chimene mukudandaula nacho ndi chimene chinandiuza zimenezi. Ndikanapanda kuima sindikanadziwa.

Chiphadzuwa_PDX
Mitengo yake ndi ija ya ku Neskowin eti? Zitsa zija zimaoneka madzi akaphwa? Ndinajambulitsa pamenepo chaka chatha, zinatuluka bwino kwambiri.

MphunzitsiWaMiyala
Ayi achemwali, anthu ambiri amasokoneza zimenezi. Zitsa za ku Neskowin n'zakale kuposa apo, zaka pafupifupi 2,000, ndipo zinaonekera bwino mphepo zamkuntho za 1997 ndi 1998 zitakokolola mchenga. Mitengo yotchuka ya 1700 ili ku mtsinje wa Copalis ku Washington. Koma zithunzi zanuzo musafufute.

Chiphadzuwa_PDX
Ndinalemba kale pa Facebook kuti 1700, anthu 80 anakonda. Zikhale choncho kkkk.

Kadziwotche
Mwaona? Umu ndi mmene mbiri imalembedwera.

AmalumeA_Eugene
Ine ndifunse zina pang'ono, poti mwatchula Tillamook. Kodi tchizi cha kumeneko chimatsika mtengo ukagula pafakitale pomwepo? Ndipo alipo akudziwa kumene ndingapeze ufa woyera wabwino kuno? Umene ndikugula nsima yake ikumakhala ngati phala la mwana.

Nankungwi_Salem
Tchizi mtengo wake susiyana kwenikweni amalume, chimene mumapindula n'kulawa. Za ufa, yesani m'masitolo a anthu a ku East Africa ku Portland, mufunse wa ugali. Ndipo muzivundula ndi mphamvu, vuto mwina si ufa.

AmalumeA_Eugene
Mwandinyoza pagulu, koma ndamva.

Mlendo101
Amalume, tsegulani nkhani yanu ya ufa padera, tonse tibwera. Tibwerere ku zikwangwani.

A WakuKaronga, mwandigonjetsa pa mfundo imeneyo. Koma taonani chitsanzo ichi. Ku Garibaldi kuli chikwangwani cha Robert Gray, amene analowa m'doko la Tillamook mu August 1788 ndi sitima ya Lady Washington. Nditafika kunyumba ndinakafufuza zambiri. M'sitimamo munali mnyamata wa ku Cape Verde, Marcus Lopez, amene amatengedwa ngati munthu woyamba wakuda wodziwika kuponda nthaka ya Oregon. Anaphedwa pomwepo pa mkangano ndi anthu a m'mudzimo, nkhani yake ya chimpeni chimene wina anatenga iye n'kuthamangira kukalanda. Azungu anatcha malowo doko la zigawenga zakupha. Mwana wanga wamkulu atamva zimenezi ndi pamene anachotsa zomvera m'makutu koyamba ulendo wonse. Ndiye ndimati, bwanji dzina lalikulu pamwamba ndi la kaputeni nthawi zonse?

Namondwe
Chifukwa kaputeni ndi amene anali ndi buku ndi cholembera. Chimodzimodzi York. Aliyense kuno amadziwa Lewis ndi Clark, atsogoleri a ulendo wofufuza dziko wochokera kum'mawa, kuti anagona dzinja la 1805 mpaka 1806 ku Fort Clatsop, kuti anthu awo ankaphika madzi a m'nyanja ku Seaside kuti apeze mchere, kuti Clark anakwera phiri kukaona namgumi wakufa ku Ecola ndipo Sacagawea, mayi wa mtundu wa eni nthaka amene anali nawo pa ulendowo, anakakamira kuti apite nawo. York anali kapolo wa Clark, anayenda ulendo wonsewo, ankasaka, ankanyamula mfuti, ndipo pamene ankasankha kogona dzinja anafunsidwa maganizo ake ngati wina aliyense. Atabwerera mu 1806 anzake analandira malipiro ndi malo. Iye anapempha ufulu, Clark anakana.

Mu February 2021 anthu anadzuka m'mawa n'kupeza chosema cha mutu wa York chitaikidwa usiku pa Mount Tabor ku Portland, popanda chilolezo cha aliyense. Ndinapita kukachiona, kunali anthu ambiri. Patatha miyezi yochepa ena anachigwetsa n'kuchiphwanya. Aphunzitsi atsimikize, koma Mount Tabor nalonso ndi phiri lophulika lakale, m'kati mwa mzinda.

MphunzitsiWaMiyala
Ndatsimikiza. Linazima kalekale, musasamuke.

Kadziwotche
Chabwino, koma tisachite ngati zikwangwani zonse ndi za kunyada kwa azungu. Pitani ku Brookings, kum'mwera kwenikweni kufupi ndi California. Kuli chikwangwani cha m'Japani amene anawaponyera mabomba. Pa 9 September 1942, Nobuo Fujita ananyamuka ndi kandege kuchokera pa sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, I-25, n'kukaponya mabomba oyatsa moto m'nkhalango ya pa Mount Emily. Cholinga chinali kuyatsa nkhalango yonse, koma kunali kutagwa mvula, moto sunapite patali. Mu 1962 tauniyo inamuitana. Ena anakwiya kwambiri, koma anabwera, ndipo anapereka lupanga la makolo ake la zaka 400, lomwe lili mu laibulale ya tauniyo. Anabweranso kangapo, anadzala mtengo pamalo pamene bomba linagwera, ndipo asanamwalire mu 1997 anamupatsa ulemu wokhala nzika ya tauniyo. Ndiuzeni dziko lina limene limaikira mdani wake chikwangwani.

Namondwe
Nkhani yokoma, sindikana. Koma n'kosavuta kukhululukira mdani amene bomba lake silinaphe munthu. Chovuta n'kulemba pamene wolakwa ndiwe.

GogoWaKuYachats
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kugombe, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano. A Mlendo101, mwati munathera ku Yachats. Ndiye munabwerera pakhomo penipeni pa chimene mumafuna.

Kum'mwera kwa tauniyi kuli kanjira ka m'nkhalango kokwera ku Cape Perpetua, kotchedwa Amanda Trail. Mu 1855 boma linapatula dera lalikulu la gombe kuti likhale losungirako eni nthaka, ndipo patatha zaka zochepa anthu a mitundu ya Coos ndi Lower Umpqua anawasamutsira kuno ku Yachats, kutali ndi kwawo. Kunali njala, ambiri anafa, ena ankathawa kubwerera ku Coos Bay. Mu 1864 asilikali anatumidwa kukawagwira. Mmodzi mwa ogwidwawo anali mayi wosaona, Amanda. Anamulekanitsa ndi mwana wake wamkazi wamng'ono, n'kumuyendetsa wapansi masiku ambiri m'mphepete mwa nyanja. Msilikali wina, Royal Bensell, ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo analemba kuti pa miyala ya ku Cape Perpetua mapazi a mayiyu anachekeka mpaka magazi ankatsala m'njira. Miyala yake ndi yomwe aphunzitsi akunenayo, yakuda, yakuthwa, yochokera ku chiphalaphala. Ine ndinayesapo kuiponda opanda nsapato, sindinathe masitepe khumi.

Panopa pali chosema cha mayiyo pansi pa mitengo, pafupi ndi kamtsinje. Anthu amasiyapo mikanda, nthenga, timiyala. Anthu a m'tauni muno analimbikira zimenezi mogwirizana ndi mitundu ija, ndipo zinawatengera zaka zambiri. Sichili pamsewu poti muone muli m'galimoto. Muyenera kutsika n'kuyenda.

Ndiye malo amodzi omwewo ali ndi dzina limene anapereka munthu amene sanatsike m'sitima, ndi kanjira ka mayi amene anapondapo ndi mapazi a magazi. Zonse ziwiri zilipo. Mukabweranso mudzandiuze, ndidzakuperekezani, koma pang'onopang'ono chifukwa mawondo anayamba kukana.

Mlendo101
Agogo, ndilibe mawu. Tinadya nkhomaliro ku Yachats n'kutembenuka. Tibweranso.

Kadziwotche
Iyi sinditsutsa.

Nankungwi_Salem
Lembani tsikuli, a Kadziwotche avomera kanthu.

Kuwonjezera pa za agogo: anthu amenewa sanathe ayi, n'chifukwa chake zikwangwani zolemba ngati ndi anthu akale okhaokha zimandinyansa. Boma la America linafafaniza mtundu wa Siletz m'mabuku ake mu 1954, iwo anamenya nkhondo ku nyumba ya malamulo mpaka anabwezeretsedwa mu 1977. Ali ndi boma lawo, ali ndi kasino ku Lincoln City imene ena a inu mumakasiyako malipiro.

DalaivalaWaThiraki
Kamodzi kokha, ndipo ndinapambana.

MphunzitsiWaMiyala
A Mlendo101, ulendo wotsatira mukadzachoka kwa agogo mudzalowere kumtunda. Ku Crater Lake kunali phiri lalitali, Mazama, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 7,700 zapitazo n'kugwera m'kati mwake. Chidzenje chake chinadzaza ndi mvula ndi chipale chofewa, ndipo ndi nyanja yakuya kuposa zonse mu United States, mamita 594. Mabuku akale amati anaitulukira ndi John Wesley Hillman mu 1853 akufunafuna golide. Koma a mtundu wa Klamath ali ndi nkhani ya nkhondo ya mizimu iwiri, Llao wa pansi pa dziko ndi Skell wa kumwamba, moto ukugwa, phiri n'kutitimira. Ndipo umboni woti makolo a anthu kuno analipo nthawi imeneyo uli ku Fort Rock. Mu 1938 Luther Cressman anakumba m'phanga kumeneko n'kupeza nkhwayira zambirimbiri zolukidwa ndi makungwa a zitsamba, zili pansi pa phulusa la Mazama. Pansi, osati pamwamba. Zina zili ndi zaka zoposa 9,000. Zilipo za akulu ndi za ana, zina zakutha kuchidendene. Ku Fort Rock nakonso kuli chikwangwani cha beaver, ndiye konzekerani buleki.

MwanaWaChembe
Mamita 594 okha? Yathu imafika 700. Auzeni a ku America adzaone nyanja.

WakuKaronga
Ndipo 700 yakeyo ili kumpoto kwathu, osati ku Chembe kwanu kosaya.

MwanaWaChembe
Yayambika.

Chiphadzuwa_PDX
Inu mukukangana za kuya, ine ndikufuna kudziwa za phula. Mayi wina wogulitsa m'sitolo ku Manzanita anandiuza kuti anthu amatola phula la njuchi pa mchenga kumeneko, lochokera mu sitima yakale. Ankandinamiza?

Namondwe
Sananame. Kwa zaka zoposa 200 anthu akhala akutola zibuma za phula pafupi ndi mtsinje wa Nehalem, zina zolembedwa zizindikiro, pamodzi ndi zidutswa za mbale za ku China. Eni nthaka ankalitola kale n'kumasinthanitsa ndi amalonda a zikopa. Akatswiri ambiri amati ndi Santo Cristo de Burgos, sitima ya Spain imene inanyamuka ku Manila mu 1693 kupita ku Acapulco koma osafika. Mu 2022 anatulutsa matabwa m'mapanga a m'mphepete mwa nyanja kumeneko amene akuganiziridwa kuti ndi ake. Taonani chaka: 1693. Azungu anasweka pa gombe lino zaka 85 Cook asanadutse, ndipo amene anasunga nkhaniyo pakamwa ndi a Nehalem omwewo.

Mlendo101
Ndawerengera mayi akunyumba zonsezi. Akuti ulendo wa kwa agogo avomera, ndi wa ku Crater Lake womwe, koma pali malamulo atatu: oyendetsa ndi iwo, zikwangwani zisapitirire zinayi pa tsiku, ndipo ndiziwerenga chamumtima.

DalaivalaWaThiraki
Dzulo ndinaima ku Garibaldi. Matayala ankafunika kuwaona basi, musaganize zina. Agogo, kanjira kanuko pali poimika thiraki ya mamita 20?

GogoWaKuYachats
Palibe mwanangu. Udzabwere Lamlungu ndi galimoto yaing'ono, ndipo udzavale nsapato zolimba.